Kodi kupita ku Lesotho kukaona damu n'kutaya ndalama?

Mayi wina wa ku Nkhotakota, yemwe pano akugwira ntchito ku Johannesburg, wandilembera imelo. Akuti anzake akusonkherana za ulendo wa ku Lesotho pa tchuthi cha Disembala, kukaona damu la Katse. Funso lake ndi ili: "Ine ndinakulira m'mphepete mwa nyanja yolengedwa ndi Mulungu. Madzi ochita kutchinga ndi simenti akandipatsa chiyani? Kumeneko kulibe nyanja yachilengedwe?"

Mayi, pitani ndithu. Koma musakapite mukuyembekeza mchenga, ngalawa za asodzi kapena usipa pathandala. Mukatero mudzabwerako mutakhumudwa.

Tiyambe ndi nyanja zachilengedwe. Ku Lesotho n'zosowa. Dzikolo ndi mapiri okhaokha, moti malo ake otsika kwambiri ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400, ndipo mvula ikagwa madzi sakhazikika, amangothamangira m'zigwa. Kuli timaiwe ta m'miyala ku Sehlabathebe, ndiponso kanyanja ka Letšeng-la-Letsie ku Quthing, komwe mbalame zimakonda. Nakonso kanakula chifukwa anthu anatchinga mtsinje. Choncho nyanja zikuluzikulu zomwe alendo amapitira, Katse ndi Mohale, zonse ndi ntchito ya manja a anthu.

Chimene ndikukulimbikitsirani ndi china. Madzi omwe mumatunga pampopi ku Johannesburg, ena mwa iwo amachokera ku Katse komweko. Mu 1986 maboma a Lesotho ndi South Africa anasainirana pangano loti madzi a m'mapiri a Lesotho azipita ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Johannesburg. Anatchinga mtsinje wa Malibamat'so ndi khoma lotalika mamita 185, lopindikira kumene kuli madzi kuti mphamvu yawo izikankhira m'matanthwe a mbali zonse ziwiri. Kuchokera mu damulo madzi amalowa mu ngalande yoboola pansi pa mapiri, makilomita 45, kukafika ku 'Muela komwe amapanga magetsi. Akatero amadutsa pansi pa malire n'kukatulukira mu mtsinje wa Ash pafupi ndi Clarens, kenako ku damu la Vaal, komwe Johannesburg imatengako madzi. Palibe makina owapopa kuti afike ku Ash, amangotsetsereka okha. Pa damu la Katse pali ofesi ya alendo, ndipo amatha kukulowetsani m'kati mwa khomalo. Mbali imeneyi musaiphonye, ngakhale anzanu atafuna kungojambula zithunzi pamwamba n'kumapita.

Maonekedwe ake ndi osiyana kwambiri ndi nyanja yathu. Katse siyotambalala. Madzi anadzaza zigwa zakuya, ndiye amapita mokhotakhota pakati pa mapiri opanda mitengo, abata, akuda bii, ozizira zedi. M'mbali mwake n'motsetsereka ndipo pansi n'pakuya, si malo oti mwana azisewerapo. Mudzaona zikwere zozungulira zikuyandama, momwe amawetamo nsomba za trout, ndi abusa ofunda mabulangete akudyetsa nkhosa m'mapiri. Pafupi pali munda wa zomera wa Katse Botanical Garden, komwe anasungako zomera zina zomwe zikanamira.

Pali china chimene sindifuna muiwale mukamaima pakhomalo. Pansi pa madzi amenewo pali minda ndi msipu wa anthu. Mabanja anasamutsidwa, makamaka pomanga damu la Mohale, ndipo madandaulo a chipukuta misozi akhala akumveka kwa zaka zambiri. Katse itayamba kudzaza, nthaka inagwedezeka mpaka nyumba kung'aluka m'mudzi wa Mapeleng. Midzi ina yoyandikana ndi damu imavutikabe kupeza madzi abwino pamene madziwo akupita kutali. Zimenezi zimandiwawa, ndipo n'chifukwa chake ndimati mlendo akagone kwa anthu akumeneko, agule chakudya kwa iwo, alembe wowaperekeza wa m'mudzimo. Damu lina, la Polihali, akulimanga ku Mokhotlong, ndiye nkhaniyi sinathe.

Njira yake nayo ndi theka la ulendo. Mukalowa pa chipata cha Maputsoe kapena Caledonspoort mumafika ku Hlotse, n'kuyamba kukwera. Msewu ndi wa phula, koma pa Mafika Lisiu mumakhala mutadutsa mamita 3,000. Galimoto ikhale ya mabuleki abwino, ndipo woyendetsa azitsika ndi giya yaing'ono. Mu Disembala mapiri amakhala obiriwira, koma masana kumakonda kugwa mvula ya ziphaliwali ndipo nkhungu imatseka msewu, choncho nyamukani m'mamawa. Juzi musaisiye, usiku kumazizira ngakhale m'dzinja. Mukakhala ndi masiku ochepa, Mohale ndiyo ili pafupi ndi Maseru, ngakhale kuti ine ndingasankhebe Katse.

Ndalama za randi zimagwira ntchito ku Lesotho, ndipo mtengo wake ndi wofanana ndi wa loti. Chinthu choti muonetsetse musanapereke gawo lanu la chisonkhocho ndi mapepala. Lesotho ndi dziko lina, ndiye mudzatuluka mu South Africa n'kulowanso. Pasipoti ndi chilolezo chanu chokhalira zikhale zosatha masiku, chifukwa amene wapitirira masiku amatha kuletsedwa kulowanso. Anzanu onse a paulendowo muwauzenso zimenezi.