Kamera ya pagalasi la galimoto: yoyenera msewu wa Limbe mpaka Muloza ndi iti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Luchenza amene amayendetsa Sienta yonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Muloza. Akuti wanjinga yamoto anawakhula chitseko pa Chitakale n'kuthawa, ndipo atafika kupolisi anafunsidwa mboni, koma okwera onse anali atabalalika kale. Tsopano akufuna kamera yojambula msewu, ija amati dashcam. Funso lawo ndi ili: "Ndaona makamera otchipa olembedwa 4K pabokosi, ndi ena odula olembedwa 2K basi. Nditenge iti?"

Bambo, zolemba pabokosi zisakutengeni mtima. Ntchito ya kamera imeneyi ndi imodzi: tsiku la ngozi, mukaimitsa kanemayo, nambala ya amene wakugundaniyo iwerengeke. Kamera yoonetsa bwino minda ya tiyi ndi phiri la Mulanje koma nambala ili mbuu, ndi chidole chabe.

Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho pafupifupi 2 miliyoni, cha 1440p (ndiye 2K ija) pafupifupi 3.7 miliyoni, ndipo cha 4K yeniyeni chimapitirira 8 miliyoni. Makamera ambiri otchipa olembedwa 4K ali ndi sensa (kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi) yaing'ono ya 1080p, ndiye amangofutukula chithunzicho ngati mmene munthu amachulukitsira thobwa ndi madzi. Fayilo imakula, koma zooneka ndi zomwezo. Funsani dzina la sensa. Ikakhala Sony STARVIS, makamaka STARVIS 2, muli panjira yabwino, chifukwa masensa amenewa anapangidwira kuwala kochepa. Chitsanzo ndi Viofo A119 Mini 2, imene ili ndi STARVIS 2 ndipo imajambula 1440p. Wogulitsa akalephera kutchula sensa, ndiponso pabokosi osalembapo, isiyeni. 1440p yoona imaposa 4K yabodza kutalitali.

Kuno kwathu nkhani ya kuwala ndiye yaikulu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chikatsika, pa Bvumbwe ndi Thyolo masana amakhala ngati madzulo, ndipo maulendo anu ambiri ndi a mbandakucha kapena chisisira. Onani kuti kamera ili ndi HDR. Usiku nyali zanu zikawomba nambala ya galimoto yakutsogolo, nambalayo imanyezimira n'kungooneka mbee. HDR imaphatikiza chithunzi chowala ndi chakuda kuti zilembo zituluke. Ngakhale zili choncho, m'chifunga chochindikala kapena pamene galimoto zikupatukana mothamanga, kamera iliyonse imaphonya. Choncho siyani maikolofoni ali oyatsa, ndipo china chikachitika tchulani nambalayo mokweza: "MJ zakutizakuti, yoyera, Probox." Mawu anu alowa m'kanemamo.

Za kutambalala kwa diso la kamera sitichedwapo. Madigiri 130 mpaka 140 ndi okwana. Ena amanyadira 170, koma diso likatambalala kwambiri zinthu zapakati zimachepa, nambala n'kumaoneka ngati nyerere.

Nkhani ina ndi kutentha. Galimoto ikaima padzuwa pa Muloza mu Okutobala, kuseri kwa galasi kumatentha kuposa madigiri 60. Kamera yokhala ndi batire ya lithium mkati, batireyo imafufuma, imasiya kusunga moto, ndipo mumayamba kuona tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo nthawi zonse mukaliza injini. Choipa kwambiri, moto ukaduka pangozi kamera imazima isanatseke fayilo yomaliza, ndiye kanema amene mumamufunayo ndi amene amakana kutseguka. Gulani kamera yolembedwa supercapacitor, kachipangizo kolowa m'malo mwa batire. Imeneyi siyaka yokha popanda moto wa galimoto, imangosunga mphamvu ya masekondi ochepa yotsekera fayilo, koma imapirira dzuwa zaka zambiri.

Tsopano memori khadi, imene ambiri amaiona ngati yongowonjezera pomwe ndi imene imagwetsa anthu m'mavuto. Kamera imalemba kanema m'zidutswa za mphindi 1, 3 kapena 5, ndipo khadi ikadzaza imafufuta zakale n'kulembapo zatsopano, tsiku ndi tsiku osapuma. Khadi wamba ya m'foni sinapangidwire ntchito yotere. Imatopa mwakachetechete: kamera ikuyaka, kanyali kakuthwanima, koma palibe chikusungidwa, ndipo mumadzazindikira tsiku la ngozi. Funani microSD yolembedwa High Endurance kapena PRO Endurance, monga za SanDisk ndi Samsung, ndipo ya 1440p ikhale ndi chizindikiro cha U3 kapena V30.

Kukula kwake werengerani motere. Kamera imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 6 mpaka 7 GB pa ola, ya 1440p imatha kufika 12 GB. Inu amene mumayenda tsiku lonse, 64 GB pa 1440p ikusungirani maola asanu okha, kutanthauza kuti wokwera akadzadandaula madzulo za katundu wosowa m'mawa, kanemayo wafufutika kale. Tengani 128 GB, koma yambani mwaona m'kabuku kuti kamerayo imalandira khadi yaikulu bwanji. Makhadi abodza nawonso ndi ambiri: yolembedwa 128 GB mkati muli 16 GB. Musanaiike, iyeseni pakompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imadzaza khadi yonse n'kuwerenganso. Ikapambana, ichiteni format (kufufuta zonse zili m'khadimo) m'kamera momwemo, osati pakompyuta, ndipo muzibwereza kamodzi pamwezi.

Pali kachipangizo kotchedwa G-sensor kamene kamamva kugunda n'kutseka kanema wa nthawiyo kuti asafufutike. Nzeru yabwino, koma opanga ake sanayendepo pa mahampu a m'matauni athu ndi maenje a nyengo ya mvula. Mukakasiya pa High, dzenje lililonse kamaliyesa ngozi, mafayilo otsekedwa amadzaza khadi, kamera n'kusowa polemba. Ikani pa Low, ndipo muzolowere kudina nokha batani lotsekera fayilo.

Poti mumanyamula anthu ndipo mumaimaima m'mbali mwa msewu, kamera yachiwiri ya kumbuyo si ndalama yotaya: ogunda kumbuyo ndi a kabaza odutsira kumanzere kamera yakutsogolo siwaona. Dziwani kuti makamera awiri amadya khadi pafupifupi kawiri. Mukasankha yoyang'ana mkati, ikhale ya infrared kuti izioona usiku, ndipo matani kachikwangwani kodziwitsa okwera kuti muli kamera.

Kuika kwake. Malo abwino ndi kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, cha kumanzere kumbali ya wokwera, pamene mawaipa amafika. Mukaika pamwamba kwambiri, mvula ikayamba mudzajambula madontho okhaokha. Pukutani galasi ndi sipiriti, liume, kenako matani. Chomatira cha tepi chimaposa chija choyamwa galasi, chimene chimagwa kukatentha ndipo chimanjenjemera m'misewu ya fumbi ya m'maesiteti. Lozetsani kamera kuti msewu utenge mbali yaikulu ya chithunzi, thambo lichepe, boneti ingoonekera pang'ono. Waya adutse m'mphepete mwa denga n'kutsika pa nsanamira ya galasi, ndipo ngati m'menemo muli airbag, adutse kuseri kwake, osati kutsogolo. Gwiritsani ntchito chaja imene yabwera ndi kamera. Matchaja otchipa a foni sapereka moto wokhazikika, kamera imangozima n'kuyaka.

Ngati mukufuna kuti izijambula galimoto itaima, pamafunika waya wapadera wolumikiza ku bokosi la mafyuzi, wokhala ndi chodulira moto batire ikatsika. Chodulirachi chiikidwe pa 12.2 V kapena 12.0 V. Pansi pa pamenepo, m'mawa wozizira wa Juni mudzafuna anyamata okankha. Ntchito imeneyi apatseni a zamagetsi a galimoto, ndipo musalole kuti angosenda waya n'kupiringiza popanda fyuzi.

Musaiwale wotchi. Ikani GMT+2, ndipo pa frequency musankhe 50 Hz kuti magetsi a m'misewu asamaphethire m'kanema. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi kamera yake kale, ya Comtec, Yupiteru kapena Kenwood. Ina imakhala yabwino ndithu, koma wotchi yake ili patsogolo ndi maola 7, ndipo kanema wa ngozi ya 10 koloko m'mawa wolembedwa 5 koloko madzulo adzakuvutitsani kufotokoza kwa a inshuwalansi. GPS imalemba malo ndi liwiro pa kanemayo. Idzakuikirani umboni mukakhala kuti munkayenda bwino, ndipo idzakunenezaninso ngati munkathamangira okwera pa Thyolo.

Ngozi ikachitika, dinani batani lotsekera fayilo, zimitsani kamera, kenako tulutsani khadi n'kuisunga m'thumba. Koperani fayilo yeniyeniyo pakompyuta musanapereke kwa wina aliyense. Mukamatumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati kanema wamba imamufinya, ndipo zilembo za nambala zija ndi zimene zimayamba kufufutika.