Kwa mayi amene mwana wawo akudumphitsa msambo

Mayi, mwati mwana wanu wa zaka 14 anatha msinkhu chaka chatha, koma amatha miyezi iwiri osasamba, ndipo akayamba magazi amatuluka ambiri. Mtima ukhale m'malo kaye. Zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira mahomoni amakhala asanakhazikike, moti miyezi ina dzira silituluka n'komwe. Zikatero mkati mwa chiberekero mumangokhuthala, ndiye tsiku loti asambe likafika magazi amabwera ochuluka. Pa msinkhu umenewu, kutalikirana kwa masiku 21 mpaka 45 pakati pa msambo ndi unzake si vuto.

Chondidetsa nkhawa ine ndi magaziwo. Ngati akusintha padi kapena nyanda ola lililonse kapena maola awiri, kapena akupitirira masiku 7, pitani naye kuchipatala akamuyeze kuchuluka kwa magazi. Atsikana ambiri amangoti "ndatopa", kumva chizungulire m'kalasi, ife n'kumati ndi ulesi, pamene magazi achepa m'thupi. Ena amabadwa ndi magazi osachedwa kutuluka koma ochedwa kuundana, ndipo zimadziwika akayamba kusamba. Ngati amatulukanso kamfuno pafupipafupi, muwauze adokotala. Aspirin musampatse, amawonjezera kutaya magazi.

Zodumphitsa msambo zilipo zingapo: kuonda msanga, kudya mosakwanira (makamaka ali kusukulu yogonera konko), nkhawa ya mayeso, matenda a chithokomiro, ndi PCOS, nthenda ya mahomoni yosokoneza kutuluka kwa dzira, imene nthawi zambiri imabwera ndi ziphuphu zambiri, kunenepa ndi tindevu pachibwano. Jakisoni wolera amasokonezanso. Ngati mumakhala kufupi ndi nyanja kapena mwanayo amasamba kumtsinje, tchulani likodzo, chifukwa limatha kuchititsa timagazi pakati pa mwezi.

Za mimba mufunseni, koma muli awiri, mosakalipa. Mukayamba ndi kumuloza chala adzabisa zonse, ngakhale zimene zikanamupulumutsa. Akachita nanu manyazi, zipatala zambiri zili ndi gawo lothandiza achinyamata.

Ena akuuzani za mizu yotsuka m'mimba. Ine ndikukana, simungamwetse mwana mankhwala musanadziwe chimene chavuta.

Mugulireni kakope azilemba tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi mapadi amene wagwiritsa ntchito. Akatha masiku 90 osasamba, kapena m'mimba mukamapweteka mpaka kujomba kusukulu, nyamulani kakopeko mupite nako kuchipatala.