Besi yabwino imayambira pa HPF ndi LPF

Achimwene, mwati masipika a m'zitseko akumanjenjemera mukakweza besi. Musathamangire kugula ena. Timasipika ta mainchesi 6.5 sitikwanitsa mawu otsika kwambiri, n'chifukwa chake tikulira ngati chidebe chobooka.

Pa wailesi yanu yatsani HPF (sefa yotsekereza mawu otsika n'kulola okwera okha) pa 80 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu) ku masipika a m'zitsekowo, LPF (sefa yolola mawu otsika okha) ya subwoofer, sipika yaikulu ya besi, muiikenso pa 80 Hz, kuti besi yolemera izichokera kubuti kokha. Bass boost (yowonjezera mphamvu ya besi) izimitseni kaye, imeneyo imatha kuwotcha masipika.

Ine yanga ndinaichuna nditaima pa Katoto, injini ikulira, mawindo otseka, nyimbo imodzimodzi kubwereza. Besi ikamveka yofooka, sinthani phase ya subwoofer (mbali imene sipika imayambira kukankha mpweya) kuchoka pa 0 kupita pa 180 mumvetserenso. Ngati subwoofer mulibe, HPF itsitseni kufika pa 60 Hz.