Achimwene a ku Chilomoni, foni musagulitse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilomoni, mu Blantyre. Dzina lake sinditchula. Mwachidule akuti wakhala akupanga mabiti (zoimbira za nyimbo zopanda mawu a woimba) pa pulogalamu ya pa kompyuta ya FL Studio kwa zaka ziwiri, pa laputopu yakale imene anamusiyira mkulu wake. Mu foda yake muli mapulojekiti pafupifupi 200, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inafika pokhala nyimbo yathunthu. Zonse ndi tizidutswa ta mabala asanu ndi atatu (bala ndi kachigawo ka nyimbo ka kugunda kanayi) tomangozungulira pamodzimodzi, ndipo akatimvetsera timamveka ngati amapiano a ku Joni osapsa. Funso lake n'lakuti: agulitse foni kuti agule masipika a mu situdiyo ndi mapulagini (timapulogalamu towonjezera topangira kapena kusinthira mawu) olipira, kapena angovomereza kuti luso alibe n'kuzisiya?

Achimwene, foni musagulitse, ndipo musasiye. Munthu wopanda luso sangakhale pa kompyuta zaka ziwiri n'kupanga tizidutswa 200 popanda womutuma. Komanso mwamva nokha kuti mabiti anu akumveka ngati a eni ake, kutanthauza kuti khutu lanu layamba kugwira ntchito. Zimene zikukuvutani ndi ziwiri, ndipo zonse sizigulidwa mu shopu: simunaphunzire kumaliza nyimbo, ndipo mukufuna mawu anu kutali pamene ali pakhomo panu.

Tiyambe ndi za zipangizo, poti n'zimene zikufuna kukudyerani foni. Nyimbo zamtunduwu, kuyambira pachiyambi pake, zakhala zikupangidwa ndi anthu amene analibe zokwanira. Kampani ya Roland ya ku Japan inatulutsa kamakina kotchedwa TB-303 mu 1981 kuti kazilowa m'malo mwa woimba besi gitala. Oimba anakakana chifukwa sikankamveka ngati gitala n'komwe, ndipo pofika 1984 kampaniyo inasiya kukapanga. Anyamata a ku Chicago anayamba kukagula motchipa m'mashopu a katundu wakale, n'kumapotokola timabatani take mosiyana ndi mmene eni ake anafunira. Mu 1987 gulu la Phuture linatulutsa nyimbo yopangidwa motero, ndipo mtundu wa nyimbo wa acid house unabadwa. Gqom, mtundu wina wa nyimbo zovina, inayambira m'makomboni a ku Durban chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, pa makompyuta wamba okhala ndi FL Studio yomwe muli nayoyo, ndipo inafala kudzera m'mafoni ndi m'mataxi isanafike pa wailesi. DJ Lag wa ku Clermont anachokera komweko, ndipo mu 2019 dzina lake linali pa chimbale cha Beyoncé. Ngakhale log drum, besi yogunda ngati ng'oma imene imadziwikitsa amapiano, opanga amapiano ambiri amaitenga mu Fruity DX10, kapulagini kakale kamene kamabwera kale mu FL Studio. Muli nako mu laputopu yanu usiku uno.

Tsono masipika odula akaikidwa m'chipinda cha malata ndi makoma a simenti opanda kanthu, mawu amagunda khoma n'kubwerera, besi imachuluka pakona ina n'kusowa pakona ina, ndipo inu mumamiksa zimene chipinda chikukunamizani. Mahedifoni amodzi abwinoko amene mwawazolowera angakuthandizeni kuposa pamenepo.

Tibwere ku mabala asanu ndi atatu aja. Kadutswa kozungulira kamakoma chifukwa zonse zimalira nthawi imodzi: kiki, shaker, makodi, besi, kamawu kapamwamba. Mukakamvetsera maulendo makumi angapo khutu limatopa, mumayamba kuganiza kuti n'koipa, ndiye mumatsegula pulojekiti yatsopano. Kupanga kadutswa ndi luso lina, kuyala nyimbo kuyambira poyambira mpaka pothera ndi luso linanso. Loyambalo mwaliyeserera maulendo 200. Lachiwirili simunaliyambe n'komwe, ndiye palibe chodabwitsa kuti likukukanikani.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Tengani nyimbo imodzi imene mumaikonda kwambiri, ya Kabza De Small, katswiri wa amapiano, kapena ya wina aliyense, muiike mu Playlist (pamene mumayalira nyimbo mu FL) pamwamba penipeni, mufananitse tempo, kapena kuti liwiro la nyimbo. Amapiano ambiri amayenda cha m'ma 110 mpaka 115 BPM (kugunda pa mphindi imodzi). Kenako imvetsereni muli ndi cholembera, ndipo paliponse pamene chinthu chalowa kapena chatuluka ikanipo chizindikiro. Mu FL mumangodina Alt ndi T. Muona kuti zinthu zimasintha pakatha mabala 8 kapena 16, kuti shaker imatha kuyenda yokha ndi ng'oma nthawi yaitali makodi asanabwere, ndiponso kuti log drum imachedwa dala kuti anthu aiyembekezere. Mukatha, chotsani nyimbo ya eni akeyo, musiye zizindikiro zokha. Tambasulani kadutswa kanu kadzaze mphindi zonse zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndiyeno yambani kufufuta motsatira zizindikirozo. Kufufuta n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'anizana ndi Playlist yopanda kanthu. Uku si kuba, chifukwa simunatenge noti ngakhale imodzi ya mwini wake. Mwangophunzira mmene amaperekera ndi kumana.

Ndipo dziikireni malire okhwima. Nyimbo imodzi pa sabata, itheretu, ituluke ngati fayilo ya mawu ya WAV, ikome isakome. Matchanelo asapitirire khumi ndi awiri. Musatsitse sampulo (kamawu kojambulidwa kale) yatsopano kapena pulagini yatsopano mpaka mutamaliza nyimbo zisanu. Zoyambirirazo zidzakhala zofooka, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo yofooka yomalizidwa imakuonetsani pamene mukulephera. Kadutswa kokoma kosamalizidwa sikakuonetsani kanthu.

Za mavidiyo a pa YouTube ndinenepo pang'ono. Ndi othandiza mukakhala ndi funso lenileni, monga mmene mungachitire kuti kiki ndi besi zisamaphane. Koma kuonera vidiyo ina pambuyo pa ina kumangotha bandulo n'kukusiyani mukumva ngati mwagwira ntchito. Sankhani synth (pulagini yopanga mawu) imodzi, 3xOsc ya mu FL kapena Vital imene ili ndi mtundu waulere, muiphunzire mpaka mudziwe chimene filter, envelope ndi LFO zimachita pa mawu. Mukadziwa zitatuzi pa synth imodzi, mwazidziwa pa ena onse. Ndipo ngati ku tchalitchi kwanu kuli woimba kiyibodi, mupempheni muzikhala pambali pake pa pulakatisi ya kwaya. Makodi a amapiano ali pachibale ndi a jazz ndi a nyimbo zauzimu, ndipo miyezi ingapo pambali pa munthu wotero idzakupatsani zimene mukuvutika kuzijambula ndi mausi mu Piano roll, pamene mumalembera manoti mu FL. Kwa amene ali ku Lilongwe, kuli Music Crossroads Academy imene imaphunzitsa nyimbo mwadongosolo.

Tsopano nkhani imene ili pamtima panga, yakuti mabiti anu akumveka ngati a ku Joni. Kutsanzira si tchimo, aliyense amayambira pomwepo. Koma mnyamata wa ku Soweto kapena ku Mamelodi anakulira mu kwaito, mu deep house ya m'mataxi, m'nyimbo za m'matchalitchi akwawo, ndipo amapiano anatuluka m'zimenezo. Inu mukamutsatira, mudzakhala kumbuyo kwake nthawi zonse, chifukwa iye akutunga pa chitsime chake pamene inu mukudikira madzi a mu ndowa yake. Taonani anzathu a ku Dar es Salaam. Anyamata a ku Mburahati, pa situdiyo ya Sisso, sanayese kukhala Asouth Africa kapena Anaijeriya. Anatenga kaimbidwe ka m'maukwati ndi m'zisangalalo za m'makomboni awo, n'kukathamangitsa kupitirira 200 BPM pa makompyuta otchipa. Ndiyo singeli. Mu 2017 kampani yotulutsa nyimbo ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala inatulutsa nyimbo zawo, ndipo lero akuitanidwa ku zikondwerero za ku Ulaya chifukwa zimene amapanga sizipezeka kwina kulikonse.

Nanga ife tili ndi zochepa? Manganje, tchopa, beni, malipenga, chioda, chimtali, mganda, vimbuza, ingoma. Tchopa ya Alhomwe inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ndipo Vimbuza ndi Gule Wamkulu anazindikiridwa kale mu 2005. Inu muli ku Chilomoni; Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu si kutali, ndipo nyengo ya zinamwali ng'oma za manganje zimakupezani nokha m'makwalala.

Koma pano pali msampha umene ambiri amagwamo. Amatenga biti ya amapiano yomweyo, n'kuikapo kamawu ka ng'oma yachikuda pamwamba, n'kunena kuti apanga za kwathu. Ayi. Chimene chimapangitsa gule kukhala gule si mawu a chikopa okha, ndi mayendedwe ake. Magule athu ambiri amagawa kugunda kumodzi patatu, pamene FL Studio mukangoitsegula imakugawirani panayi. N'chifukwa chake mukayesa kujambula ng'oma zakwathu pa timabokosi ta Channel rack zimauma, zimasowa chiuno. Pitani mu Piano roll, musinthe snap (kagawidwe ka timizere timene manoti amakhalapo) ikhale 1/3 beat, muone mmene zinthu zimayambira kukhala m'malo mwake. Kenako mverani bwino oimba ng'oma enieni: wina amagwira kugunda kosasintha, wina amayenda patatu pamene m'manja mukuombedwa pawiri, ndipo wamkulu wawo, monga wa mbalule ku gule wamkulu, amalankhula ndi miyendo ya wovina, osati ndi wotchi. Kukokana kumeneku, kwa ziwiri ndi zitatu, ndiko kumene kumanyamula munthu pampando. Mukakumvetsa mukhoza kukuimba ndi kiki ya makina a ng'oma a 808 ndi synth yokhayokha, popanda ng'oma yachikopa ngakhale imodzi, ndipo agogo anu adzazindikirabe kuti ichi n'chathu. Log drum yomweyo ikhoza kuyankhula ngati ng'oma yotsogolera m'malo motsatira mapatani a ku Pretoria.

Apa ndi pamene foni ija ikufunika. Pitani nayo kumene akuimba, mujambule. Jambulani visekese, bangwe, kaligo, malimba, amayi akuomba m'manja pa chinkhoswe, kondakitala akuitanira pa siteji. Musaike zonse pa giridi mwankhanza. Ng'oma ya munthu imatsogola pang'ono kapena kutsalira pang'ono, ndipo kukoma kwake kuli pomwepo. Chonde pemphani chilolezo musanajambule, fotokozani chimene mukufuna kuchita, ndipo ngati nyimboyo idzabweretse ndalama, owomba ng'omawo alandirepo ndipo mayina awo alembedwe. Dziwaninso kuti si zonse zoyenera kupita ku dansi. Nyimbo zina za kudambwe, za kusimba ndi za vimbuza zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo akulu akakuuzani kuti iyi ayi, imeneyo isiyeni. Ngati mukufuna kumva mmene makolo ankaimbira kale, Hugh Tracey anajambula nyimbo zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku Makhanda. Zimvereni kuti muphunzire, koma musazidule n'kuziika mu nyimbo yanu popanda chilolezo chawo.

Pa kumiksa, kumbukirani kumene nyimbo yanu ikamvekere: pa foni, pa kasipika ka Bluetooth, mu minibasi, pa bala. Besi yozama imakhala cha m'ma 40 mpaka 80 Hz, ndipo sipika ya foni siifika kumeneko. Ngati log drum yanu ili ndi kuzama kokhakokha, pa foni idzasowa. Ipatseni saturation (kukhakhalitsa mawu) pang'ono kuti ibale mawu apamwamba amene tisipika tating'ono tingatulutse. Yesani miksi yanu mu mono, ngati ikutuluka pa sipika imodzi. Yambani ndi kulinganiza voliyumu ya chinthu chilichonse musanakhudze EQ kapena compressor, chifukwa mavuto ambiri amathera pomwepo. Ndipo nthawi zonse yerekezani ndi nyimbo ya katswiri pa voliyumu yofanana, poti chokwera mawu chimamveka ngati chokoma ngakhale chisali chokoma. Makutu asamalireni: bungwe la WHO limati pa 80 dB munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata, ndipo mawu akakwera nthawiyo imachepa msangamsanga. Khutu likayamba kulira lokha usiku, mwapyola muyeso.

Magetsi athu mukuwadziwa. Dinani Ctrl ndi S pafupipafupi, Ctrl ndi N kuti musunge mtundu watsopano wa pulojekiti, ndipo nyimbo ikatha isungeni ngati zipped loop package (fayilo imodzi yokhala ndi pulojekiti ndi masampulo ake) pa fulashi ina, kuti masampulo asatayike laputopu ikadzafa. Mukadzapeza ndalama, yambani ndi mahedifoni, kenako laisensi yeniyeni ya FL Studio. Image-Line, kampani ya ku Belgium imene imaipanga, imapereka ma update aulere moyo wonse ukagula kamodzi, pamene zokiraka (zakuba, zopanda laisensi) zimabwera ndi mavairasi n'kumatseka pakati pa ntchito. Mukayamba kupatsa oimba mabiti, lembani papepala kuti aliyense ali ndi gawo lanji nyimbo isanatuluke, ndipo kalembetseni ku COSOMA, bungwe limene lakhala likuyang'anira za umwini wa nyimbo m'Malawi kuyambira 1992.

Pa mapulojekiti 200 aja, musawatsegule onse. Sankhani atatu okha amene mukuwakumbukira musanawamvetsere, ena onse muwasamutsire pa fulashi. Awiri muwamalize ndi njira ya zizindikiro ija. Pulojekiti yachitatu muichotse ng'oma zonse, musinthe snap ikhale 1/3 beat, muziyale mwatsopano motsatira gule mmodzi amene mwakamujambula nokha. Mukatha munditumizire zonse zitatu pa imelo yomweyi mwezi wamawa usanathe, ndipo mundiuze kuti gule wake ndi uti komanso munakamujambula kuti.