Alamu, za thumba la ngozi lija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Chipata? Uthenga wanu ndauona m'mawa pagulu la banja, koma ndinali m'minibasi, phokoso lokhalokha, ndiye ndinati ndiyambe ndafika kunyumba. Ndingolankhula, kulemba kunditengera tsiku lonse. Mwati amayi a Chigwirizano ayambitsa thumba lothandizira othawa nkhondo ndi ogwa m'ngozi za madzi, aliyense aziponyamo kangachepe mwezi ndi mwezi. Ndiye mukufunsa kuti kodi imeneyi si ntchito ya boma ndi a UN, nanga zinthuzo zimakafikadi kwa eni ake?

Ndiyambire kutali pang'ono, mundipirire. Inu apa n'kuti musanalowe m'banja muno. Cha m'ma 1986, tili kumudzi ku Petauke, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itafika poipa ku Mozambique, anthu ankadutsa malire usiku kudzera m'thengo. Tsiku lina m'bandakucha tinangomva "odi, odi" wapansipansi. Amayi kutsegula chitseko, ndi mayi wina, mwana kumbuyo, wina amugwira padzanja, pamutu mphika wopanda chivundikiro. Mapazi otupa, ming'alu ikutuluka magazi. Chinyanja chake chathu chomwechi, kungosiyana kapindidwe ka lilime. Mukudziwa chimene anapempha? Anati, "Mayi, muli nako kamchere?" Anayenda masiku akuphikira anawo masamba a m'tchire opanda mchere, mpaka anawo anayamba kukana kudya. Mpaka lero ndikamatapa mchere kukhitchini nthawi zina ndimamuona mayi ameneyo.

Atate, paja anali mkulu wa mpingo, anangopita kukatsegula tchalitchi chathu chaudzu chija. Pofika Lamlungu munali mabanja angapo akugona pakati pa mabenchi adothi, ife n'kukapempherera pansi pa mtengo. Nyumba iliyonse inkatapako mbale ya ufa, wina nkhwani, wina mphasa. Magalimoto a boma ndi a UNHCR, bungwe la UN loona za othawa kwawo, anabwera, eya, koma patapita masabata. Mu 1987 boma linatsegula malo a othawa kwawo ku Ukwimi, ndipo kumenekonso a Lutheran ankagwira ntchito limodzi ndi boma. Ku Malawi ndiye kunalowa anthu pafupifupi 1 miliyoni. Ngakhale mtendere umene anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, amene anathandiza kukhalitsa pansi mbali ziwirizo anali gulu la Akatolika la Sant'Egidio pamodzi ndi bishopu wa ku Beira. Anthu athu aja anabwerera kwawo chifukwa cha zimenezo.

Tsono mukati ndi ntchito ya boma, zoona, ndi yake. Tili ndi DMMU, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti, ku Malawi yawo ndi DoDMA, ndipo matani a chimanga sitinganyamule ife amayi a bulauzi yoyera. Kungoti boma limachita kunyamuka kuno ku Lusaka, pamene mpingo umakhala uli pomwepo kale. Mlatho ukakokoloka, amene watsala tsidya limodzi ndi anthuwo ndi abusa, akatekisiti, shehe wa pamzikiti. Ndi amene amadziwa kuti m'kanyumba kakumapeto kaja muli gogo wosayenda, amene sangathe kukaima pamzere wolembetsa maina. Makamera akachoka, mabungwe atapita kwina kumene kwagwanso zina, ndi omwewo amene amatsala kuika maliro ndi kupepesa ofedwa.

Munaona za namondwe Freddy ku Malawi mu Malichi 2023. Matope anatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Mulanje, Phalombe, Nsanje, Chikwawa, konseko misozi. Anthu opitirira 1,000 anamwalira, opitirira 650,000 anasowa pokhala. Ambiriwo anathawira kuti? M'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Mabungwe othandiza anthu, a CADECOM a Akatolika ndi a ADRA a Seventh Day, masinodi a CCAP, abale athu Achisilamu, onse anali m'kati.

Ife kuno ku Matero tinasonkhanso, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, alamu, chifukwa mtima unandiwawa. Tinalengeza kuti bweretsani zovala. Loweruka tinakhala pansi amayi asanu ndi awiri kumasula matumba. Zimene tinapezamo! Nsapato ya phazi limodzi. Malaya opanda mabatani, m'khwapa mong'ambika. Zovala zam'kati zakutha, zosachapa n'komwe. Wina anabweretsa diresi la ukwati, lalitali la neti, loti akavale munthu amene akugona pasimenti m'kalasi. Ndinakhala chete nditagwira diresi lija, misozi ili m'maso. Munthu madzi amulanda nyumba, amulanda mwana, ife n'kumusandutsa dzala lotayirapo zinyalala? Theka la matumbawo tinawotcha. Zotsalazo, titafunsa mtengo wa thiransipoti kudutsa pamalire pa Mwami mpaka ku Blantyre, tinapeza kuti ndalama imeneyo ikanagula mabulangete ambiri komweko.

Mayi wina wa mumpingo mwathu, kwawo ndi ku Mulanje, anaimbira mng'ono wake amene anali pamsasa, n'kuika foni pa laudi tonse tikumva. Anati, "Zovala zabwera, zaunjikana pakona. Tikusowa ndowa, mapoto, sopo, mankhwala othira m'madzi, zitenje." Kenako anatsitsa mawu n'kuti, "Ndi zija za ife amayi za kumwezi, palibe amene watikumbuka." Taganizani, atsikana m'kalasi limodzi ndi amuna, chimbudzi chimodzi anthu mazana, alibe ngakhale kansalu. Chitenje chimodzi chija ndi chofunda, n'chobereka mwana, n'chotchinga posamba. Kuchokera tsiku limenelo ine ndinasiya kunena kuti tisonkhe zovala. Ndimati tisonkhe ndalama, tifunse eni ake chimene akusowa, zigulidwe pafupi ndi pamene ali. Nchifukwa chake thumba lanulo ndalikonda.

Za kufika kwa zinthu, sindikunamizani, si konse kumene zimayenda bwino. Chaka cha chilala chija, pulezidenti atalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko lili pangozi, ndinapita kumudzi ndipo ndinaona ndi maso angawa pampingo wina, sinditchula, akulemba maina a olandira ufa moyang'ana m'buku la chakhumi. Mayi wamasiye wa mpingo wina anabwezedwa ndi thumba lake lopanda kanthu, ati "pitani kwanu akakupatseni". Ndinachita manyazi ngati ndine ndamubweza. Atate sanafunse mayi wa mchere uja kuti amapemphera kuti. Ndipo wina akamapereka ndowa uku akuti "Lamlungu tikuoneni kwathu", ameneyo akuchita malonda ndi njala ya mnzake.

Ndiye musanaponye ndalama yanu, funsani pamsonkhano, mopanda mantha. Kodi maina adzalembedwa potengera kuvutika kwa munthu, kapena potengera kuti ndi wathu? Ndalama isamakhale m'chikwama cha munthu mmodzi, osainira akhale atatu, ndipo msungichuma aziwerenga lipoti pamaso pa onse, malisiti ali pathebulo. Ngati mukutumiza kutali, dutsirani ku ofesi ya sinodi kapena bungwe la mpingo limene lili ndi anthu ake pamalopo, ndipo mfumu ya mudziwo idziwe. Akakwiya nanu chifukwa chofunsa, ndiye kuti pali chimene akubisa.

China, musamangoyang'ana kutali. Othawa nkhondo tili nawo konkuno. Msasa wa Mayukwayukwa ku Kaoma ulipo kuyambira 1966, wa Meheba kuyambira 1971, wa Mantapala ku Nchelenge anatsegulira a ku Congo mu 2018. Ena ali m'makomboni muno, ku Chawama, ku Kanyama, timakhala nawo benchi limodzi Lamlungu osadziwa zimene anaona m'njira. Ku Kanyama komweko mvula ikangolimba madzi amalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ndipo munaona odwala kolera atadzaza bwalo la mpira la Heroes Stadium mu Januwale 2024. Muuze amayiwo kuti gawo lina la thumbalo lizikhala la pakhomo, ngakhale kumeneko ku Chipata, denga la gogo wina likasasuka ndi mphepo.

Ine ndilowa nawo. Mwezi ukatha ndikutumizirani yanga pafoni, mukandilembetse pansi pa dzina lanu, ndipo tsiku lowerenga lipoti mudzandijambulire pepalalo munditumizire pano. Achimwene muwauze kuti nawonso aponyemo, nkhani ya mayi wa mchere akuidziwa, ndi iwo amene anathamanga kukatenga makiyi a tchalitchi m'mawa umenewo. Moni kwa ana onse.