Mafunso a Owerenga: Sukulu Yophunzitsa Kuyendetsa Malole Muisankhe Bwanji?

Makalata angapo amene talandira kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje akufunsa za laisensi ya lole ndi masukulu ophunzitsa madalaivala. Tasankhapo anayi.

Akonzi, ndili ndi laisensi ya B ndipo ndimayendetsa pikapu ya bwana wina kuno ku Nchalo. Ndikufuna ya lole, chifukwa nyengo yodula nzimbe ikafika, anzanga a malole ndi amene amapeza ntchito. Ndafunsa masukulu atatu ku Blantyre ndipo mitengo yawo yasiyana kwambiri. Yabwino ndingaidziwe bwanji? — Mnyamata wa ku Nchalo

Achimwene, mtengo uyembekeze kaye. Choyamba dziwani laisensi imene mukufuna, chifukwa mawu oti lole akukhudza magalimoto osiyanasiyana. B imene muli nayo imalekezera pa galimoto yolemera makilogalamu 3,500, kuwerengera ndi katundu amene ikuloledwa kunyamula. C1 imayambira pamenepo mpaka makilogalamu 16,000, ndipo malole ambiri onyamula chimanga, thonje kapena simenti pakati pa Limbe ndi Ngabu ali m'gulu limeneli. C ndi ya lole yoposa makilogalamu 16,000, monga matipa akuluakulu a mchenga ndi miyala. Ikakhala hosi yokoka ngolo, ija imapita ku Beira kapena ku Durban, pamafunika EC. Kulemera kumeneku kumalembedwa pa kachitsulo kamene kamakhala pafupi ndi chitseko cha dalaivala, pamene pali zilembo za GVM, ndiponso pa mapepala a galimotoyo.

Mukadziwa zimenezi, pitani nokha pasukulupo mukaone lole yawo. Osakhutira ndi chithunzi cha pa Facebook kapena cha pa chikwangwani. Funsani kuti mukufuna kuona galimoto yeniyeni imene mudzaphunzirire, muwerenge GVM yake, muone ngati COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zili pagalasi zisanathe ntchito. Pali masukulu amene amalemba anthu a C ndi EC koma ali ndi kalole kamodzi ka matani atatu, ndipo yaikuluyo amachita kubwereka tsiku la mayeso lokha. Wophunzira amakwera galimoto imene sanaigwirepo, magiya ake sakuwadziwa, utali wake sakuudziwa, ndiye akalephera amamuuza kuti alipirenso.

Kenako funsani chikalata chosonyeza kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Road Traffic, ndiponso chilolezo cha mphunzitsi amene adzakhale nanu m'galimoto. Akakuonetsani, lembani dzina la sukuluyo mukatsimikize ku ofesi ya Road Traffic komweko. Mwini sukulu wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Mphunzitsi naye ayenera kukhala ndi laisensi ya galimoto imene akuphunzitsayo; munthu wa C1 sangakuphunzitseni kukoka ngolo.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Sukulu ikanena kuti maphunziro ndi a mwezi umodzi, sinakuuzeni kanthu. Funsani kuti pa tsiku inuyo mudzagwira chiwongolero mphindi zingati. Werengani nokha: ophunzira 10 akakwera lole imodzi kwa maola 2, aliyense amayendetsa mphindi 12. Pa masiku 20 ndiye maola 4 okha, pamene nthawi ina yonseyo mwakhala kumbuyo mukuwotchedwa ndi dzuwa. Sukulu yodula imene ikupatsa munthu ola lathunthu pa tsiku ikhoza kukhala yotsika mtengo kuposa inayo mukagawa ndalamazo ndi maola. Kwa inu a ku Nchalo pali kuwerengeranso lendi ndi chakudya ku Blantyre, ndiye tsiku lililonse lopita pachabe likukudyerani kawiri. Muuze mwini sukulu alembe maolawo papepala, ndipo pakhale kabuku kamene inu ndi mphunzitsi muzisainira mukatha phunziro lililonse.

Chomaliza, chimene ife timachiona chachikulu kwa dalaivala wa kuchigwa kuno, ndi mabuleki. Lole yaikulu imagwira ndi mphepo, osati mafuta a mabuleki ngati pikapu yanu. Pemphani mphunzitsi akuonetseni mmene amayendera galimoto m'mawa asanailize, ndipo mumvetsere ngati akufotokoza zifukwa zake. Ayenera kukuonetsani geji ya mphepo ndi kukuuzani kuti simunyamuka isanadzaze. M'malole ambiri imafika pakati pa 8 ndi 10 bar. Ayenera kuzimitsa injini, kuponda buleki kwa mphindi imodzi, n'kuyang'ana ngati muvi wa geji ukutsika, chifukwa ukamatsika ndiye kuti penapake pakutuluka mphepo. Ayenera kukoka kawaya ka pansi pa mathanki a mphepo kuti madzi atuluke, popeza madzi akakhalitsa m'menemo amachititsa dzimbiri ndi kuwononga mavavu. Manati a mawilo, matayala amkati a kumbuyo amene anthu amawaiwala, mafuta a injini, madzi a rediyeta, magetsi, zonsezo zili m'gulu la phunziro loyamba. Mphunzitsi amene amangoti kwerani tizipita, musiyeni.

Ndipo mumufunse mwachindunji kuti kutsetsereka amaphunzitsira kuti. Msewu wa M1 kuchoka ku Blantyre umatsika kuchokera pamtunda woposa mamita 1,000 kufika pa Thabwa ndi mlatho wa Kamuzu, pamene ndi pansi penipeni, ndipo uli ndi makona otsatizana. Dalaivala akamatsika ataponderera buleki njira yonse, madiramu amatentha n'kufutukuka, malainingi amasiya kugwira bwino, ndipo buleki imalowa koma lole siima. Akamangopopa buleki pafupipafupi, mphepo imatha msanga kuposa mmene kompuresa ingabwezeretsere. Njira yake ndi kusankha giya yaing'ono musanayambe kutsika, kawirikawiri yomwe mukanakwerera phiri lomwelo kapena yotsika kuposa pamenepo, kuyatsa buleki ya ekizozi kapena ritada (zipangizo zochepetsa liwiro popanda kuponda buleki ya phazi), ndipo buleki ya phazi muziiponda mwamphamvu kanthawi kochepa liwiro likakwera, n'kuisiya kuti izizire. Kuika fulii potsika, ati kupulumutsa dizilo, ndi kumene kwapha anthu ambiri: injini siikugwiranso galimoto, ndipo giya imakana kulowa liwiro likakula. Zimenezi siziphunzirika pa bwalo la mpira. Sukulu imene imatengako ophunzira ake pa mtsetse weniweni, lole ili ndi katundu ngakhale wa matumba a mchenga, ndiyo tingakulozereni, ngakhale itadula.

Akonzi, mwana wanga ndikufuna kumulipirira sukulu ya malole ndi ndalama za ng'ombe imene ndagulitsa. A sukulu ina akuti ndipereke zonse nthawi imodzi, ndiponso ndiwonjezere ina yoti akhoze mayeso mosavuta. Ndichite bwanji? — Mayi wa ku Bangula

Mayi, yowonjezerayo musapereke. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Komanso sukulu imene ikulonjeza kukhoza mwana asanagwire n'komwe chiwongolero yakuuzani kale kuti kuphunzitsa si ntchito yake. Amene amayesa ndi kupereka laisensi ndi a Road Traffic, osati sukulu.

Pa malipiro, apempheni akulembereni ndalamazo mogawa: ya maphunziro payokha, ya galimoto pa tsiku la mayeso payokha, ndi za boma pazokha, monga ya khadi la Traffic Register, ya laisensi ya wophunzira, ya mayeso ndi ya khadi la laisensi. Za boma zili ndi mitengo yake yodziwika imene mungakafunse ku Road Traffic, ndipo zimakhala ndi risiti yakeyake. Risitiyo ikhale m'manja mwa mwana wanu. Funsaninso kuti akalephera koyamba, kubwereza ndi ndalama zingati, komanso lole ikawonongeka kwa sabata, masiku otayikawo adzabwezedwa bwanji. Kwa a ku Bangula pali funso linanso: mvula ikadula msewu, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, mwana akalephera kufika, malo ake adzasungidwa?

Lipirani theka poyamba, theka linalo pakati pa maphunziro mutaona kuti mwana akuyendetsadi. Ndalama ipite ku akaunti ya sukulu, osati pa nambala ya foni ya munthu amene mwakumana naye pa geti. Madobadoba amene amazungulira pa maofesi a Road Traffic amalonjeza laisensi ya masiku awiri, koma makina a kompyuta a Road Traffic, otchedwa MalTIS, amafuna chithunzi ndi zidindo za zala za mwini wake, ndipo khadi limene silikupezeka m'makinawo limagwidwa pa rodibuloko kapena pamene kampani ikufufuza musanalembedwe ntchito.

Akonzi, ndakhala ndikuyenda ndi amalume anga pa lole yawo yonyamula thonje ndi nandolo, ndipo kuyendetsa ndimatha. Sukulu ndi ya chiyaninso? — Wowerenga wa ku Ngabu

Achimwene, muli ndi mwayi umene anzanu alibe, chifukwa kulira kwa injini ndi kulemera kwa katundu mukukudziwa. Koma amene anaphunzira kwa achibale amalephera mayeso pa zinthu zazing'ono zimene anatengera: kupumitsa phazi pa kilatchi, kugwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, kusayang'ana magalasi asanasinthe mbali, kunyamuka pa chitunda galimoto ikubwerera m'mbuyo, kusaimiratu pa chikwangwani cha STOP. Malamulo a pamsewu ndi zikwangwani nazo zili ndi mayeso ake. Inu funani sukulu imene ivomere kukuyesani kaye tsiku loyamba, kenako n'kukuuzani maphunziro amene mukufunikira, m'malo mokulipiritsani ngati munthu amene sanakwerepo lole. Ndipo mpaka mutapeza mapepala, lole ya amalume musaiyendetse pamsewu. Ngozi itachitika, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira, mlandu n'kugwera inu ndi amalume omwe.

Akonzi, cholinga changa ndi kuyendetsa mathiraki opita kunja. Sukulu ya EC iyenera kukhala ndi chiyani, nanga pali mapepala ena ofunika? — Bambo wa ku Nsanje Boma

Bambo, musanalipire kulikonse, kafunseni ku Road Traffic ngati laisensi imene muli nayo panopa ikukulolani kulembetsa EC, kuti sukulu isakulandireni ndalama pa chinthu chimene simungayesedwe.

Sukulu ya EC iyenera kukhala ndi hosi ndi ngolo yake, ndiponso bwalo lalikulu lobwererera m'mbuyo. Kubwerera ndi ngolo ndi kumene kumatenga nthawi yambiri, chifukwa ngolo imapita mbali yosiyana ndi kumene mwakhotetsera chiwongolero, ndipo mukachedwa kuwongola imapindika mpaka kugunda kabini. Muyenera kuphunzira kubwerera molunjika, kulowa pakati pa zipilala kuchokera kumanja, kenako kuchokera kumanzere kumene simuona bwino. Pokhota napo, mawilo a ngolo amadula mkati mwa njira imene hosi yadutsa, ndipo pa malo ngati pa Nchalo kapena pa Dyeratu, pamene akabaza ndi ngolo za ng'ombe zimakhala m'mphepete mwa msewu, amene sanaphunzire kutsegula kona amapweteka munthu osamuona n'komwe.

Kulumikiza ndi kumasula ngolo muzichita ndi manja anu, osati kungoonerera. Ndondomeko yake ndi iyi: ngolo ikhale yomangidwa buleki pamalo olimba, muone kuti kutalika kwake kwagwirizana ndi fifth wheel (chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa hosi pamene ngolo imakhalapo), mubwerere pang'onopang'ono mpaka kingpin (chitsulo cha pansi pa ngolo cholowa mu fifth wheel) italowa n'kumveka kutseka. Mukatero ikani giya yoyamba mukoke pang'ono kawiri ngolo ikadali yomangidwa, kuti mutsimikize kuti yagwira, kenako mutsike ndi tochi mukaone ndi maso kuti nsagwada za fifth wheel zatsekadi ndipo chogwirira chalowa m'malo mwake. Lumikizani mapaipi a mphepo, wofiira umene umadzaza mathanki a ngolo, ndi wachikasu kapena wabuluu umene umagwiritsa buleki mukaponda, ndiponso chingwe cha magetsi. Pomaliza kwezani miyendo ya ngolo mpaka pamwamba. Ngolo zimene zimagwa pa geti ya depoti nthawi zambiri zimakhala kuti kingpin inakwera pamwamba pa nsagwada, dalaivala n'kunyamuka osakoka, osasuzumira.

Funsaninso ngati amaphunzitsa kamangidwe ka katundu ndi kagawidwe kake pa ma ekiselo. Pa sikelo ya pamsewu amayeza ekiselo iliyonse, moti lole ikhoza kukhala yosapyola malire a kulemera konse koma n'kulipitsidwa chifukwa katundu waunjikana kutsogolo. Kutentha kwa kuchigwa, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, kumafunanso dalaivala wodziwa kuti mphepo ya matayala imayezedwa m'mawa asanatenthe, ndipo tayala lotentha saliphwetsa.

Za mapepala: woyendetsa galimoto yonyamula katundu pa malonda amafunika PrDP, chilolezo cha dalaivala woyendetsa galimoto ngati ntchito, pamwamba pa laisensi. G ndi ya katundu, P ndi ya anthu, D ndi ya katundu woopsa monga mafuta, ndiye PG imene mumaiona m'zotsatsa ntchito ndi ziwiri zoyambazo pamodzi. PrDP imatha ntchito msanga kuposa laisensi, choncho muziyang'ana tsiku lake. Makampani ambiri amafunanso satifiketi ya defensive driving, maphunziro a kuyendetsa mopewa ngozi, ndipo opita kunja amafunika pasipoti. Sukulu ikakuuzani kuti ili ndi ntchito yokudikirirani ku Joni kapena ku Ulaya bola mulipire kaye ya ulendo, ipempheni dzina la kampaniyo ndi kalata yake, mukafunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu musanatulutse tambala.