Waya wa sola akayamba kufunda, musadikire mawa

Mayi wina wa ku Zolozolo wanditumizira imelo. Akuti anagula panelo yolembedwa 150W, batire la 100Ah ndi inveta (kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba), koma TV imazima 8 koloko isanakwane, ndipo waya wochokera ku batire amafunda akamugwira. Funso lawo ndi lakuti: kodi anandipusitsa, nanga zimenezi sizingayatse nyumba?

Amayi, ndiyambira pa wayayo chifukwa ndi amene wandisowetsa mtendere. Ambirife timaiderera sola ya 12V poti sigwira munthu ngati magetsi a ESCOM a 230V. Koma inveta ikamakoka 300W pa batire lotere, mu waya mumadutsa ma amp 25 kapena kuposerapo. Kawaya kopyapyala ka sipika sikangapirire. Kamafunda, pulasitiki yake n'kusungunuka, mawaya awiri n'kukhudzana, batire n'kukhuthula mphamvu yonse nthawi imodzi. Moto umayamba choncho. Chotsani invetayo lero lomwe, mpaka wodziwa ntchito adzaike waya wonenepa, wamfupi, komanso fyuzi pafupi penipeni ndi batire, ku mbali ya +. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, womwe suchedwa kuyaka, ndiye lisakhale kuchipinda chogona kapena moyandikana ndi mbaula. Ndipo wina asakunamizeni kuti mungolumikiza inveta pa soketi ya nyumba popanda changeover switch, swichi yodula magetsi a ESCOM musanayatse a inveta. Magetsi anu akhoza kubwerera mu mawaya a pamsewu n'kupha munthu amene wakwera pa polo.

Tsono za TV. 150W ija amaiyeza ku fakitale pa dzuwa la 1,000W pa sikweya mita, panelo ili pa 25°C. Kuno ku Mzuzu, ndi chifunga cham'mawa ndi kamvula kowaza ka mu June ndi July, pamatha masiku panelo isanafike n'komwe pa theka la nambalayo. Onaninso ngati yapendekeka kuyang'ana kumpoto, ngati ilibe fumbi, ndiponso ngati nthambi ya mtengo sikuiphimba. Mthunzi wa pangodya imodzi yokha umagwetsa mphamvu ya panelo yonse.

Batire la 100Ah limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma la asidi mumayenera kugwiritsa theka lokha. Mukamalikama mpaka lithe tsiku ndi tsiku, kapena ngati analilumikiza ku panelo popanda charge controller (kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe mopyola muyezo), limafa msanga. La galimoto ndiye silinapangidwire ntchito imeneyi. Linyamuleni mulimve: la asidi lenileni la 100Ah limalemera makilogalamu 25 mpaka 30. Ngati mwana akulinyamula ndi dzanja limodzi, pamenepo anakupusitsani ndithu, chifukwa stika aliyense akhoza kumata.

Miyezo yoyesera katundu wa sola ilipo. Wa pa dziko lonse wotchedwa IEC TS 62257-9-8, womwe unatuluka mu 2020, umakhudza masola a pakhomo osapitirira 350W amene amabwera athunthu m'katoni imodzi. Amayeza ngati zolembedwa pakatoni zili zoona, ngati batire ndi lotetezedwa, ndipo amafuna kuti sola ya pakhomo ikhale ndi waranti ya zaka ziwiri. Zimene zapambana mayesowa zimaikidwa pa mndandanda wa pa intaneti wa VeraSol, pulogalamu yotsimikizira katundu wa sola, ndipo mukhoza kuuona pa foni muli m'shopu momwemo. Vuto ndi lakuti zanuzo munagula chimodzichimodzi, choncho mndandandawu sukukhudzani. Chitetezo chanu chonse chili m'manja mwa amene analumikiza. N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti munthuyo aonetse chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, asanakwere padenga. Ena amaona ngati n'kumuchititsa manyazi, koma m'nyumbamo mugona ndinu ndi ana anu.

Ngati lisiti mukadali nalo, bwererani nalo kwa wogulitsa limodzi ndi batire, aliyeze inu mukuona. Akakana, nkhani ya katundu wolembedwa zabodza mukhoza kuitengera ku Malawi Bureau of Standards. Musaiwale kujambula stika ya kumbuyo kwa panelo ndi ya pa batire musanapite.